Chipepeso pa Imfa ya Mayi Eveles Makina, ndi Pempho Lokhudza Howard

Bungwe la Makolo a Ana Olumala la Michesi
Phalombe, Lachinayi, 13 Novembala 2003

Kwa a Owen Makina, alongo awo a malemu ndiponso mwini mbumba, kwa ana a malemu, abale onse a kwa Chiwalo, ndi anthu a m'boma lino la Phalombe.

Ife a bungwe lino talandira ndi mtima wosweka uthenga wakuti Mayi Eveles Makina, amene kwa zaka zisanu ndi zinayi akhala akutiphunzitsa kumvetsa khalidwe la ana athu amene ubongo wawo sunakule monga wa anzawo, anatisiya Lachiwiri m'mawa atadwala miyezi iwiri. Uwu ndi uthenga wachipepeso wachinayi umene ndalemba chaka chino, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti ndatopa. Ine amene anthu amati sindisowa chonena, ndatha masiku awiri ndikungoliyang'ana pepala ili.

Ambiri mukundidziwa. Ndinayamba ndi njinga yobwereka, kunyamula matemba kuchokera ku Chilwa, koma lero zigayo zitatu ndi malole awiri zili m'dzina langa. Ndaponda Joni, Bulawayo, Beira ndi Dar es Salaam, ndipo ku Mangalande ndinayankhula pamsonkhano mpaka azungu anaimirira kundiombera m'manja. Ndikunena izi kuti mundikhulupirire pamene ndikuti konse kumene ndayenda sindinakumane ndi munthu wodziwa ntchito iyi kuposa mayi amenewa, amene ofesi yawo inali njinga ndi kope la ana asukulu.

Bungweli ndinaliyambitsa mu 1994 chifukwa cha mwana wanga Thandiwe, amene sayankhula. Ku Mangalande kuja ndinabwerako ndi bokosi la makadi a zithunzi, oti mwana wotere aziloza chimene akufuna. Mayi Makina anawatembenuza limodzilimodzi, kenako n'kuseka. “A Tcheya, bafa loyera mbee ili Thandiwe analionapo kuti? Nanga ichi n'chakudya kapena sopo?” Anaika makadiwo pambali, n'kutenga chikho chenicheni, sopo weniweni ndi mbale imene mwanayo amadyera. Patatha masabata atatu, mwana wanga ananyamula chikho n'kundipatsa, kupempha madzi koyamba m'moyo wake, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Malemu sankafulumira kupereka malangizo. Akafika pakhomo pamene mwana amaluma anzake kapena kudzimenyetsa kukhoma, ankakhala pakhonde masiku atatu kapena anayi, akungopenya ndi kulemba. Makolo akayamba kudandaula, iwo ankati, “Zimene wachita ndaziona. Ndiuzeni zimene zinachitika asanachite.” Mwa njira yomweyi anaphunzitsa amayi makumi anayi, kuyambira ku Fort Lister mpaka kumisasa ya asodzi ku Chilwa, anatsegulira ana khumi ndi mmodzi zitseko za sukulu, ndipo anamasula anthu khumi ndi asanu ndi awiri amene abale awo, chifukwa chosowa chochita, ankawamanga ndi zingwe. Ngakhale m'chaka cha njala chija, pamene ife tonse tinkangoganiza za mimba zathu, njinga yawo sinaime.

Mwa anthu amene anamasulidwawo, ndiloleni ndinene za mmodzi, pakuti nkhani yake siinathe. Howard, mwana wa Mayi Belita Sitima a kufupi ndi Fort Lister, ndi bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamphamvu ngati wina aliyense, koma mawu amene amatha kutchula sakwana khumi. Bambo ake atamwalira mu 1997, abale anamutsekera m'nyumba ya oyandikana nawo kuti asasokoneze mwambo wa maliro, monga timachitira ambiri a ife, ndipo palibe anamuuza kanthu. Kuyambira pamenepo ankathamangira kumsewu tsiku lililonse, akamubweza n'kumadzimenyetsa mutu kukhoma mpaka magazi. Ena anati walodzedwa. Anakhala zaka ziwiri ali womangidwa mwendo kumtengo wa mango.

Mayi Makina atakhala pakhomopo masiku anayi, anaona kuti Howard amayamba kuvuta akangomva belu la njinga, ndipo anauzidwa kuti bambo ake ankabwera panjinga kuchokera kunyanja. Anafunsa Mayi Belita kuti, “Kodi munamuuza kuti bambo ake anamwalira?”

“Iii, amayi, ameneyu angamve chiyani?”

“Ndiye mukufuna aleke bwanji kuwadikira?”

Mayi Makina anapempha chilolezo kwa eni manda, n'kupita ndi Howard kumeneko atamugwiritsa chipewa cha bambo ake. Anamukhudzitsa dzanja pamtumbira n'kumuuza mawu awiri okha, “Ababa agona.” Anapita naye katatu. Howard analeka kuthamangira kumsewu, chingwe chinachoka, ndipo zaka zinayi izi wakhala akupalira chinangwa ndi kutunga madzi pakhomo pa mayi ake. Malemu sanamusiye. Ankamuyendera Lachinayi lililonse.

Tsopano papita miyezi iwiri asanawaone, ndipo palibe amene wamuuza chifukwa chake. Lero m'mawa Mayi Belita anandipeza kuchigayo, dzanja lawo lili lotupa.

“A Tcheya, wayambanso. Wakhala kumsewu kuyambira kutangocha, ndiye ndimati ndimubweze, onani dzanjali.”

Ndinawafunsa ngati amuuza.

“Ndimuuze bwanji? Mawu okha samukwanira, mukudziwa. Uja amamva ndi manja.” Kenako anati, “Ine ndakalamba, mphamvu zomugwira ndilibe. Chingwe chija sindinataye.”

A Makina, ndikudziwa kuti uthenga wachipepeso suyenera kubwera ndi katundu wina pamwamba pa amene mwasenza kale. Ndikudziwanso kuti mwambo wa maliro wa Loweruka ndi wanu, osati wa bungwe, ndipo kuti kwathu kuno anthu onga Howard sitipita nawo kumaliro. Komabe, m'dzina la ntchito imene alongo anu anafookera nayo thupi, tikukupemphani modzichepetsa kuti mulole Howard abwere. Tikupempha kuti alowe kudzaona nkhope gulu lisanayambe, atatsagana ndi mayi ake ndi amayi awiri amene malemu anawaphunzitsa, kuti akhudze bokosi ndi dzanja lake, ndipo kumanda aponyeko dothi monga ena onse. Lole yanga ikamutenga n'kukamubweza, ndipo ine ndemwe, amene ndakhalapo pamipando yapamwamba m'mayiko a eni, ndidzaima pambali pake kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindingakulonjezeni kuti adzakhala chete. Chimene ndikudziwa n'chakuti akapanda kuona ndi maso ake, sabata yamawa adzakhala ali kumtengo uja, ndipo munthu amene akanamumasulanso ndi amene tikukamuikayu. Yankho lanu, lililonse limene mungapereke, lindipeze kuchigayo cha pamsika mawa dzuwa lisanapendeke, ndipo tidzalilemekeza.

M'malo mwa komiti, makolo onse a bungwe lino, ndi ana athu amene ambiri a iwo sangathe kutchula mawu akuti pepani, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu, kwa ana a malemu, ndi kwa mbumba yonse. Mwataya mayi ndi mlongo, ife tataya munthu amene ankatimasulira ana athu omwe. Mulungu amene anawapatsa mtima wodekha chotere akupatseni mphamvu zonyamula masiku akubwerawa, ndipo mzimu wawo upumule mumtendere pambuyo pa maulendo onse aja. Mukatilola kubwera naye, ndipo Howard akafuula pakati pa pemphero, chonde musamutulutse. Adzakhala akulira aphunzitsi ake, monga tonsefe.

Ine wanu m'chisoni,

Hector Nakhumwa
Wapampando ndiponso Woyambitsa Bungwe