Mowa Wanu Unagona M'firiji

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kukutentha ngati kuno, kapena mwapezako kamthunzi?

Kuno ku Gatuma mvula yagwa, fumbi lagona. Ndiyamba ndi za pakhomo, paja munkati mlendo umayamba wam'patsa madzi, nkhani zolemera pambuyo. Mlongo wanga Esnati wachira, mwana wamkazi. Tam'patsa dzina lanu, ndiye dziwani kuti ku komboni ya mgodi ku Hatile mukukalipiridwa m'mawa uliwonse chifukwa chonyowetsa matewera. Mwana wake woyamba uja Chinyanja akumva bwinobwino, koma kuyankha ndi Chishona chokhachokha. Ukati bwera udye, iye "handidi sadza", ati sakufuna nsima. Mukanam'koka khutu. Dimba lanu la kumtsinje alamu akulisamala, maungu anachuluka mpaka kugawira a Chishona oyandikana nawo. Nkhuku zinatha ndi chitopa. Yatsala ija ya khosi lopanda nthenga, imene munkati ngakhale imfa ikunyansidwa nayo.

Tsono nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya mowa wa bona lanu. Ndikufuna muimve kwa ine, amalume a Jailosi asanabwere kumeneko n'kukakuuzani mwa njira yawo.

Ntchito yanga simunaimvetse mpaka kupita. Anzanu akafunsa munkati, "Mwana wanga amagulitsa mphepo." Sikunali kunama kwenikweni. Kufakitale ya nsalu ndimayang'anira makina oziziritsa ndi kunyowetsa mpweya kuti ulusi usaduke, m'chisanu ndimathandiza kuboyila, ndipo Loweruka ndimazungulira mafiriji a m'mabutchala mpaka ku Hatile. Chimalizireni sukulu ya zaumisiri ndimasula kompuresa ndekha, ndiwotcherera mapaipi ndekha, gasi akamathawa ndine ndimam'peza ndi thovu la sopo. Koma wosaina kuti ntchito yatheka ndi foromani wachizungu, amene nthawi zambiri amakhala ali m'galimoto akuwerenga nyuzi. Popanda pepala la boma, munthu wakuda ndi boyi wonyamula masipanala mpaka imvi. Ine zimenezo ayi, Amayi. Sindinawerengere mabuku pa koloboyi kuti ndizikalamba ndikuyankha "yes baas". Amatiuza za Chitaganya ndi kuyendera limodzi, koma limodzi lake wina ali pa njinga, wina akukankha.

Chaka chino anatsegula kachitseko pang'ono. Anati akuda angapo akhoza kukayesedwa kulikulu ku Sozibele, wopambana alandire satifiketi ngati mmisiri wina aliyense. Ndinalembetsa tsiku lomwelo. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinaleka kufunsa. Ndiye foromani akundiuza Lachiwiri, chikhalireni m'galimoto mwake muja, kuti mayeso ali Lachisanu ndi Loweruka la sabata yomweyo, ndipo wosabwera malo ake apatsidwa wina.

Loweruka limenelo ndi limene amalume anaika bona lanu.

Ndinapalasa njinga kupita ku Hatile dzuwa lili paliwombo. Ndinapeza utsi uli tolo kuseri kwa nyumba ya Esnati. Amayi aang'ono a Filesi ali ndi mthiko, migolo yadzaza, thobwa waphikidwa kale, chimera athira, ndipo mbiya yanu ija ya khosi long'aluka aiika payokha pamthunzi. Uthenga unali utapita kale kwa abale a ku Sanyati ndi ku Mubaira. Ndinagwada kwa amalume, ndinafotokoza zonse, n'kupempha kuti tisunthe sabata imodzi yokha, poti anthu a mumgodi amapuma Loweruka masana ndi Lamulungu basi.

Amalume anandiyang'ana ngati ndapempha mkazi wawo. "Aikona! Iwe ndiwe mwana woyamba. Chipanda choyamba pamanda uthira ndiwe, osati ine. Ndipo tsiku sindisankha ine, usankha ndi mowa. Pa dzuwa la Okutobala lino ukapsa Loweruka, wapsa. Ukaudikiritsa usasa, ndipo mlongo wanga sitim'perekeza ndi vinyo wosasa wa pa mtanda. Kauze mowawo udikire, a sikolala."

Mukundidziwa, Amayi. Munkati ndinabadwa miyezi isanakwane ndipo mpaka lero ndikuthamangabe. Ndinatsala pang'ono kuyankha kuti akufa alibe kalendala. Mawu anafika pamlomo, koma ndinaona mbiya yanu, ndinawameza. Ndinangoti, "Amalume, mwati ndiuze mowa udikire. Ndikauuza n'kundimvera, mulola?"

Anaseka mpaka kutsokomola, chifuwa chawo cha mumgodi chija. "Ukakumvera, ndikupatsa chipewa changa."

Mowa ndi chinthu chamoyo. Pofunda umathamanga, pozizira umagona. Ndinapita kwa Mgiriki wa butchala ya pamgodi, amene chipinda chake chozizira ndimakonza ndine. Ndinam'lonjeza kum'sinthira lamba wa kompuresa mwaulere akandibwereka ngodya imodzi. Anafunsa ngati apolisi akudziwa. Ndinati chilolezo cha mkulu wa komboni chilipo, n'cha mwambo wa maliro. Anagwedeza mutu nati amayi ndi amayi, nawonso ake anagona kutsidya la nyanja iye osawaona.

Ovuta anali amayi aang'ono. "Mowa wa bona umafuna manja ozizira, osati nyumba yozizira! Masiku onsewa ndikugona pamphasa pandekha, bambo ako aang'ono akundiyang'ana ngati galu pa fupa, ndiye ukuti ndionjeze sabata ina?" Azimayi onse anaphulika kuseka. A Che Mariamu, mnzanu wachisilamu uja, amene mowa salawa koma anabwera kudzatunga madzi, anafunsa chimodzi chokha, ngati m'chipindamo mumalowa nkhumba. Nditati ndi ng'ombe zokhazokha, anati, "Ndiye mukukanganiranji? Malemuwa kutentha ankadana nako. Asiyeni apumeko."

Tonse tinakumbukira chaka chatha, mwezi womwewu, muli gone pamphasa, malata akunyeka, mukupempha madzi ozizira. Ine wogulitsa mphepo ndinakulunga ayezi m'chiguduli ndi utuchi kuchokera ku Gatuma, koma pofika anali atatsala ngati dzira la njiwa. Munam'yika pachipumi m'malo momwa, n'kunena kuti, "Azungu akudya bwino."

Migolo tinaikweza pa ngolo ya abulu. Mbiya yanu amayi aang'ono anakana kuti ikwere, anaisenza okha pamutu mpaka kubutchala, anagwada pakhomo la chipinda chozizira, anaomba m'manja n'kukuuzani kuti, "Achemwali, musadabwe, ndi nzeru za mwana wanu izi. Mukakwiya mukwiyire iyeyo." Alamu anathamanga kukabweza a ku Sanyati ndi a ku Mubaira.

Ku Sozibele tinalipo akuda ochepa, atiika pa benchi yathuyathu pafupi ndi chitseko. Tsiku loyamba zolemba, lachiwiri zamanja. Anandipatsa firiji imene anaiononga dala kuti ndipeze nthenda yake. Manja ankafuna kuthamanga, koma m'khutu munali inu: "Lameki, phala lotentha amayambira m'mbali." Ndinayamba ndamvetsera kulira kwa kompuresa, ndinagwira paipi iliyonse, ndiye n'kutola sipanala. Woyesa anangolemba. Ine mtima unali ku Hatile. Magetsi a pamgodi akazima? Mgiriki akaiwala chitseko? Mowa ukanasasa, amalume sakanandikhululukira, ndipo nanenso sindikanadzikhululukira.

Lachinayi linalo tinautulutsa. Unali zii, osapuma n'komwe. Amalume anasuzumira mumgolo nati, "Waupha." Amayi aang'ono anaufunditsa ziguduli padzuwa. Usiku wonse kunalibe kanthu. Lachisanu masana Esnati anandikodola, nati ndiike khutu pa mbiya yanu. Munali kunong'ona. Pofika madzulo thovu linali likusefukira pa khosi long'aluka lija.

Loweruka anthu anadzaza. Ndinathira chipanda choyamba kumutu kwa manda anu, nthaka inamwa nthawi yomweyo. Amalume analawa, anatsuka m'kamwa nawo, analawanso kachiwiri. Kenaka anavula chipewa, chija cha nthenga chimene anagula chaka chimene anabwera kuchokera ku Dedza, n'kundiveka pamaso pa anthu. "Mowa wamumvera," anatero. "Koma ine ndikafa musadzandiike pamodzi ndi ng'ombe za Mgiriki."

Pepala lafika sabata yatha, Amayi. Lili ndi chidindo cha boma ndi dzina langa lonse, popanda boyi kutsogolo kapena kumbuyo. Foromani analiwerenga mpaka pansi n'kundiuza kuti ndikatenge bokosi la masipanala. Ndinalitenga, koma ntchito ya tsikulo ndinasaina ndine. Sindikhalitsa pamenepo. Mabutchala a akuda akutsegulidwa m'malokeshoni, ndipo onse adzafuna mphepo. Amalume akuti ndifatse. Ndafatsa kale sabata yathunthu, yakwana.

Chimodzi chokha sindikudziwa. Mowa uja munaumva bwanji? Amayi aang'ono akuti anakulotani mutafunda bulangete, mukuseka. Ine ndikuyesa kuti ndiye kuvomera kwanu.

Ndapeza firiji yakale ya parafini imene mzungu wa kufamu anataya. Ndikuikonza pang'onopang'ono, ipita kwa Esnati. Ndikulonjeza kuti Okutobala akubwerayu kamdzukulu kotchedwa dzina lanu kadzamwa madzi ozizira m'komboni momwemo, ndipo kapu yoyamba ndidzabwera nayo kwa inu ayezi asanasungunuke.

Ndine wanu wothamanga uja, wokukondani,
Lameki