Pasipoti ya aChule

Lolemba, 6 Meyi

Makina anga osokera ayamba dzimbiri. Mwezi sunakwane n'komwe chibwerereni pachilumba pano. Ndawatsegula lero kuti ndisoke makatani, ndapeza singano ili psuu. Mwini nyumba akuti ndi mphepo ya mchere, imadya chilichonse, ndi zipi yomwe.

Mpaka lero sindikumvetsa kuti zinatheka bwanji. Mwamuna wanga wagwira ntchito kukampani ya madzi zaka zonsezi, imvi zikungoyamba kumene, tsiku lina n'kufika pakhomo n'kunena kuti ndapuma pantchito, tikusamukira kudziko lotentha, ndizikasambira pansi pa nyanja yamchere. Ndinaseka. Ndinasekanso atabwera anthu kudzaona nyumba. Tsiku limene galimoto yathu inatuluka pageti ndi mwini wake watsopano, m'pamene ndinasiya kuseka.

Ndiye tili kuno. Ine, mzime wathu amene wangoti ndwii chifukwa anasiya anzake a kusekondale, ndi bambo ake, amene mwanayu anawatcha aChule chifukwa cha zimapazi za mphira zimene amavala polowa m'madzi. Dzinalo lawakhala. Kutentha kwake ngati wakhala pambali pa uvuni. Ndangosamba, thukuta lili kamukamu kale.

Lachinayi, 9 Meyi

Tawaimbira apongozi. Iwo anakanitsitsa kubwera nafe, anati mafupa awo sadzakwera ndege, anatsala kwa alamu anga, mlongo wake wa aChule. Ndi mwana wawo acheza bwinobwino, kuseka ndithu. Foni itafika kwa ine, mawu anasintha.

"A telala, mwakondwatu tsopano. Mwandilanda mwana, mwakamuponya m'madzi."

Ine? Ine amene ndinalira polongedza mbale? Koma kwa iwo chilichonse choipa chimene mwana wawo wachita, wamutuma ndine. Chikwatiwireni sananditchulepo mpongozi, ndine a telala basi, ngati ndinabwera kudzawayeza m'chiuno. Ndinangoti zikomo amayi, mugone bwino. Pakamwa pawo mpa lumo, ndinazolowera.

Loweruka, 11 Meyi

Andikakamiza kukwera nawo boti kuti ndikaone chimene tinagulitsira nyumba. Mwini boti ndi mayi wamfupi, wakhungu lopsa ndi dzuwa, ndiye amene amawaphunzitsa. Asanalowe m'madzi amawandandika ophunzira ake onse ngati ana a sukulu n'kuwabwerezera malamulo: osalowa wekha, osasunga mpweya m'chifuwa, osavuuka mwaphuma. Ndiye kuli lina limene linandidabwitsa. Akuti ukatsika mozama, usakwere ndege mpaka padutse tsiku lathunthu, chifukwa mpweya umene walowa m'magazi umatuluka thovu ngati chakumwa cha m'botolo chimene wachikhutchumula. Ena amafa ziwalo, ena osadzukanso. Ndinayang'ana aChule, iwo ali mwee, akumanga botolo la mpweya kumsana.

Kenako anangodzigwetsa chagada, phava, n'kuzimirira. Ndinakhala ndikuyang'ana timathovu, mtima uli m'mwamba. Bambo wa ana anga, munthu woopa ngakhale kukwera makwerero, ali pansi pa madzi mwa kufuna kwake.

Koma atavuuka, nkhope ija sindinaionepo. Ngakhale pa ukwati wathu sinali choncho. Akuti aona kamba wamkulu ngati tebulo. Ankalankhula ngati kamwana, madzi akutuluka m'mphuno. Zinandipweteka pang'ono, sindinama.

Lachiwiri, 14 Meyi

Nyerere zalowa mu shuga, buluzi wagwera mumphika. Mzime waseka koyamba.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndikulemba ndili pabwalo la ndege. Chakudza sichiimba ng'oma.

Alamu aimba masana. Apongozi agwa kubafa, ali kuchipatala, dokotala akuti mtima, ndipo wanena kuti amene ali kutali abwere msanga. Asanakomoke, apongozi amaitana mwana wawo. Nthawi imeneyo aChule anali atangofika kuchokera kunyanja, tsitsi lisanaume, atatsika kawiri m'mawa womwewu. Pachilumba pano ndege imanyamuka kamodzi patsiku, madzulo.

Anayamba kuponya zovala m'chikwama. Ndinawakumbutsa za lamulo lija, anati zimenezo n'zoopsezera alendo. Ndinaimbira mayi wa boti, anabwera pa njinga yamoto, n'kuima pakhomo.

"Bambo, lero ayi. Mawa madzulo mukhoza. Mukakwera lero, kwanu kukhala maliro awiri."

"Ndi amayi anga, mayi. Inu mukanatani?"

"Ndikanalira, koma sindikanakwera."

Atachoka mayiyo, aChule anapitiriza kulongedza ngati sanamve kanthu. Ndimawadziwa, akatsimikiza chinthu ngakhale mvula siwabweza, si tili kunoku? Ndiye ali kubafa ndinatsegula kabati, ndinatenga pasipoti yawo n'kuiponya m'thumba la m'kati la chikwama changa cha m'manja. Anasakasaka nyumba yonse, kugubuduza matiresi. Pomaliza anandiyang'ana.

"Mayi a mwana, mwaiika kuti?"

"Ndikupatsani ndege ikatsala pang'ono kunyamuka, pamene simungathenso kugula tikiti. Ine ndipita lero, inu munditsatire mawa."

Sanandikalipire. Anangokhala pansi pakhonde, manja kumutu, n'kulira. Bola akanandikalipira. Zotsalazo zinachitika mwa liwiro: tikiti, chikwama, kumuuza mzime kuti awaphikire bambo ake, galimoto ya hayala ikuliza hutala panja. AChule sanandiperekeze, sanadzutse n'komwe mutu. Akuitana okwera.

Lachinayi, 16 Meyi

Ambuye. Pasipoti ndili nayo.

Ndinaiona titatera kale kwathu kuno, ndili pamzere, ndikupisa m'chikwama kuti nditulutse yanga. Zinatuluka ziwiri. Ndinangoti kakasi. Wapolisi wa pawindo anachita kundiitana kachiwiri. Ndinali nditati ndiisiya patebulo potuluka, kapena kumupatsa mzime. Hutala uja, misozi ija, mutu unangobalalika.

Nditayatsa foni, mauthenga a mzime ali mbwee: amayi mwaiika pati, adadi afufuza paliponse, amayi yankhani. Ndinaimba nditatsamira khoma pafupi ndi zimbudzi. Anayankha aChule. Ndinawauza mmene zilili, osakometsera. Kumbali kwawo kunkamveka mafunde. Kenako anati, "Chabwino," n'kudula.

Ndathamangira ku ofesi ya otumiza katundu mwachangu ndisanapite n'komwe kuchipatala. Mtsikana wa pakauntala akuti kuchilumba chimenecho sabata imakwana, mwina kupitirira. Kazembe wa dziko lathu kumeneko kulibe. Ndatumiza basi, ndikanatani. Ndinaiika ndekha mu envelopu, chithunzi chawo chikundiyang'ana.

Ndinkafuna kupulumutsa munthu tsiku limodzi, ndamutsekera sabata yathunthu.

Lachisanu, 17 Meyi

Apongozi achepa. Pabedi paja akuoneka ngati mwana, mapaipi m'mphuno, makina akulira pambali. Koma maso ndi omwe aja. Nditalowa anayang'ana kumbuyo kwanga, pachitseko, kudikira wina. Atadziwa kuti ndili ndekha anatembenukira kukhoma.

Alamu ananditengera pakhonde. Dokotala akuti ndi nkhani ya masiku ochepa, sabata sakulonjeza. Nditawafotokozera za pasipoti, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mlamu, zimenezi mukawauze nokha amayi. Ine pakamwa panga sizituluka."

Sindinathe lero. Ndawapukuta, ndawasintha zovala, ndawamwetsa madzi ndi supuni. Diresi la chipatala linang'ambika pakhosi, ndapempha singano kwa anamwino ndalisoka ali chigonere. Anangoti, "Ntchito yanu ndiye mumaitha," maso ali chitsinzinire.

AChule sakuyankha foni yanga. Amaimba ya alamu.

Loweruka, 18 Meyi

Mzime akuti bambo ake sakudya. Zimapazi zija ndi botolo aziika panja, akuti aliyense wofuna atenge. Akungokhala pakhonde kuyang'ana msewu ngati envelopu ibwera wapansi. Mwanayu anandifunsa kuti, "Amayi, agogo akamwalira adadi asanafike, mudzabwereranso kuno?" Ndinamuuza kuti asamalankhule zopusa. Koma funso lomwelo nanenso ndili nalo. Munthu angakukhululukire zambiri, koma izi?

Lamulungu, 19 Meyi

Ndawauza. Alamu anali atapita kukasamba, m'chipindamo tinatsala awiri. Apongozi anadzuka ali bwinoko, anafunsa kuti kodi ndege za kumeneko zimayenda ndi ng'ombe. Ndinagwada pambali pa bedi ndi kuyamba kufotokoza zonse: za kutsika m'madzi, za thovu m'magazi, za mayi wa boti, za kabati, za mapasipoti awiri m'chikwama. Ndinayembekeza lumo lija. Ndinkalifuna ndithu, kuti wina andinyoze mokwanira.

Anapuma movutikira, kenako anafunsa.

"Ndiye akanakwera, akanafa?"

"Mwina, amayi. Kapena kufa miyendo."

"Ndipo iye ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Chitsiru ngati bambo ake." Anatambasula dzanja. "Muimbireni. Pa foni yanuyo."

Ndinati sayankha yanga. Anati imbani mpaka atope. Inaitana, inaitana, kenako anayankha ndi mawu ouma, akuganiza kuti ndine. Ndinawagwirizira apongozi foni kukhutu, dzanja lawo silikanatha.

"Iwe, ndine mayi ako. Ndamva ukufuna kudzipha kuti udzandione. Tamvera. Pasipoti yako ndinamutuma ndine mkazi wakoyu. Ndinamuimbira ndisanagoneke mutu pano, ndinati aitenge abwere nayo, chifukwa ndimakudziwa. Ngati uli ndi mlandu, uli ndi ine. Bwera udzandizenge, ukandipeza."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, ananditsina padzanja, kutsina kwenikweni. Bodza lake losamveka n'komwe, munthu anali chikomokere tsiku limenelo, ndipo aChule akudziwa. Kumbali kuja ndinamva akulira, akuti amayi, amayi. Apongozi anawadula.

"Usandilire ndili moyo. Tandiuza, pansi pamadzipo umaonapo chiyani chimene unandisiyira ine?"

Ndiye aChule anayamba kufotokoza. Za kamba wamkulu ngati tebulo, za tinsomba tachikasu timene timabwera kudzakuyang'ana m'magalasi, za mmene kuwala kumatsikira. Apongozi anatsinzina, akumvetsera, nthawi zina n'kumati, "Bodza," kapena, "Ndiye zimadyedwa?" Mkono wanga unachita dzanzi koma sindinasunthe. Atatopa anati basi, ndikufuna kugona, lankhula ndi mkazi wako.

Ndinaika foni kukhutu kwanga. Kenako aChule anati, "Mwadya kanthu, mayi a mwana?"

Ndinati ayi. Anati ndipite ndikadye. Ndisanaimirire, apongozi anatulutsa phazi m'bulangete, maso ali chitsinzinire.

"Apongozi, musanapite, tandipakani mafuta kumapaziku. Kwauma."