Zimene ndinaona atandibaya jakisoni wogonetsa

Lachinayi, 13 Malichi. Tsiku lachilendo, ndipo mutu udakali wopepuka.

M'mawa kuchipatala anandibaya jakisoni wogonetsa kuti awongole mkono wamanzere umene unathyoka nditagwa pa kabaza ku Kamwendo. Koma sindinagone kwenikweni. Denga linasungunuka n'kusanduka mitundu yoyendayenda ngati zitenje zapamsika zikuuluzika ndi mphepo. Ndinaiwala dzina langa, koma osachita mantha. Ndinkangomva kuti ndimakonda aliyense, ngakhale wakabaza amene anandigwetsa uja.

Nditatsitsimuka, namwino anandifunsa akumwetulira, "Mayi, Esinati ndi ndani? Mumangoitana dzina limeneli uku mukulira."

A Esinati ndi achemwali anga. Patha zaka ziwiri tisakulankhulana, chichokereni pamaliro a bambo pomwe ndinawauza kuti umphawi wawo ndi wochita kufuna. Ndakhala ndikudzitama kuti uphunzitsi wangawu ndinaupeza ndi khama langa. Koma m'masomphenya aja ndinaona manja awo akusoka fodya m'chigafa, ine ndili kusekondale ndi nsapato zatsopano. Bambo anangosankha ine kuti ndiphunzire. Akanasankha achemwali, bwenzi ndili kuti lero?

Kodi mankhwala angaike chikondi mwa munthu, kapena amangovundukula chimene chinalimo kale? Ndikufunitsitsa kudziwa.

Madzulo ano ndinawaimbira foni ku Mlonyeni. Ndinati, "Achemwali, ndine Lusiya."

Iwo anati, "Ndamva za mkono. Akukuphikira ndani?"

Ndinati palibe. Akuti abwera Loweruka. Sindinapepesebe, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayambira pati.