Akapitawo Adikira pa Khonde Langa

Lolemba, Januwale 1956

Lero mtima wanga wayera, ngakhale tsiku linayamba ndi manyazi. Belu la ku esiteti litalira m'mawa, ndinadzambatuka n'kufunda chiguduli changa chothyolera tiyi pamvula, ulendo. Mkazi wanga anandipeza pa mlatho ali wefuwefu. "Bambo a Esinati, mukupita kuti? Suja ntchito munatsazika Loweruka?" Tinaseka mpaka misozi. Miyendo yangayi inali isanamve kuti tsopano ndine telala, wa makina angaanga.

Makinawo ndinawaika pa khonde, moyang'ana msewu wa ku Muloza. Mpaka masana kunangobwera nkhuku. Mantha anandigwira ndithu. Amwenye ali ndi atelala awo pa makonde a masitolo, nsalu zili pomwepo. Nanga anthu akapanda kubwera, ana adzadya ulusi?

Kenako anatulukira akapitawo a Namakhwa, omwe aja ankandidula tikiti ya malipiro ku esiteti ndikachedwa pang'ono, buluku long'ambika kumbuyo lili m'manja.

"Amisiri, mungandisokereko msangamsanga?"

Amisiri! Zaka zonsezi dzina langa linali "iwe".

Ndinati, "Khalani pampandopo, nditsirize kaye diresi la mwana wangali."

Anakhaladi, chipewa chili pa bondo, n'kumadikira ine. Buluku ndinawasokera bwino kwambiri, chifukwa mkwiyo sugula ulusi. Analipira osanyinyirika, ndipo akuti Lachinayi abweretsa jekete.

Mawa belu lilire mmene lingathere. Ine ndingotembenuka n'kufunda bwino.