Maola Amene Kompyuta Inameza

Nkolokosa, Blantyre
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Arthur,

Ndalemba "okondedwa" chifukwa ndi mmene amayi anatiphunzitsira kuyamba kalata. Foni simukuyankha, ndiye werengani izi.

Mukuikumbukira detabesi, nkhokwe yosungira zinthu mu kompyuta, imene munapangira kampani yathu ya malole ku Makata musanapite ku Joni? Kutalika kwa ulendo wa dalaivala munakonza kuti kuzisungidwa ngati nthawi ya pa wotchi. Wotchi ikakwana maola 24 imayambiranso pa ziro, achimwene. Inu munkati palibe ulendo wopitirira tsiku limodzi.

Lachiwiri lapitali a Mahmud, dalaivala wathu wa ku Limbe uja, anafika kuchokera ku Beira atakhala panjira maola 27. Kompyuta inaonetsa maola atatu. Bwana watsopano, amene amangoyang'ana manambala, anati, "Simunatope inu, tengani katundu wa ku Lilongwe."

"Bwana, maso akulemera," anatero a Mahmud.

Bwana anawalozera kompyuta, n'kuwauza kuti akakana, ntchito yatha. A Mahmud ananyamuka. Asanafike pa Zalewa, dzuwa lili paliwombo, anasinza. Lole inagubuduzika. Ali moyo, koma mwendo wamanzere awadula.

Ndinakawaona kuchipatala. Akazi awo, a Nasreen, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Inu a kompyuta, tiuzeni. Akuti bambowa akunama za maolawo?" Ndinangoyang'ana pansi.

Ndinayang'ana pansi chifukwa vutoli ndinaliona kale mu Malichi. Ndinakutumizirani uthenga, inu n'kuyankha kuti, "Usagwiregwire zimenezo, ukufuna kundichititsa manyazi?" Ndinatseka pakamwa poti ntchitoyi munandipezera ndinu. Kupusa kumeneko n'kwanga, ndipo sindikukusenzetsani. Koma inu munadziwa, munali ndi luso lokonza, ndipo munasankha dzina lanu.

Lachisanu lapitali ndinakonza. Tsopano ulendo uliwonse ukusungidwa ngati nambala ya mphindi basi, yosabwerera pa ziro. Wa a Mahmud ndi mphindi 1,620. Ntchito yonseyo inanditengera theka la ola. Theka la ola, achimwene! Nditamaliza ndinalowa mu ofesi ya akuluakulu a kampani, ndinawaonetsa nambalayo pamodzi ndi mauthenga athu a mu Malichi, wanga ndi wanu. Lachinayi andiitana kuti ndikafotokoze. Mwina ntchito ithera pomwepo. A Nasreen ndawauza kale kuti amuna awo sananame.

Musandiimbire foni kuti mundikalipire, ndipo musatume alamu kuti adzandinyengerere.

Amayi sakudziwa kanthu. Akupereka moni, akuti muzivala juzi kumeneko, ndipo akufunsa ngati mubwere pa Khirisimasi. Mukabwera, kayambeni mwaona a Mahmud ku Limbe. Kwanga musafike. Moni wa amayi ndapereka, wanga ndilibe.

Ndine mlongo wanu, poti zimenezo sindingasinthe,
Marjorie