Kumene kuli bambo a anawa si kutali

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Kuno ana ali bwino, kupatula chimfine cha wamng'onoyu. Ine thupi lili bwino, koma mutu sukugwira.

Paja mukudziwa kuti ndimasesa mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege. Lachiwiri kunabwera mayi wina wa kukampani yomanga misewu, komwe amagwira ntchito bambo a anawa. Ndinazindikira chizindikiro cha pamalaya ake. Ndikukolopa chapafupi, ndinamumva akunena kuti akufuna matikiti a antchito awo a kumzinda komwe kuli bambo a anawa, poti kampani imawatumiza pandege miyezi itatu iliyonse kuti akaone mabanja.

Achemwali, chokolopera chinandipulumuka m'manja.

Atachoka ndinafunsa abwana kuti ndege imatenga nthawi yaitali bwanji kuchokera kumeneko. Anati ola limodzi ndi theka. Ndinaseka, ndimayesa sanandimve. Anandilozera pamapu a pakhoma, omwe ndimapukuta tsiku ndi tsiku osawalabadira. Mtunda wonsewo chala changa chimodzi chinauphimba. Akuti basi imachedwa chifukwa imazungulira mapiri n'kumaimaima, pamene ndege imangodula.

Nanga si chaka chachiwiri chino bambo a anawa akundiuza kuti ulendo wake ndi wa masiku awiri, tchuthi chonse chingathere panjira? Ine n'kumawamvera chisoni, n'kumauza ana kuti bambo ali kutali zedi. Ola limodzi ndi theka, achemwali, nyemba zisanapse n'komwe.

Nditaweruka ndinawaimbira. Poyamba anati ndege ndi za akuluakulu, iwo ndi dalaivala chabe. Kenako anati amaopa ndege. Kenako netiweki akuti yavuta. Tsono ndigwire ziti? Mwina akunena zoona, paja iwowo amanjenjemera ngakhale pamakwerero. Mwinanso matikiti amalandira koma amatsikira kwina. Kumbali ya thandizo sindingawanamizire, amatumiza. Ndikati ndikwiye ndikuchita manyazi, ndikati ndikhulupirire mtima ukukana. Ndabalalika.

Pempho langa ndi limodzi. Mwezi ukubwerawu mudzandikhalireko ndi ana sabata imodzi, ndipite ndikadzionere ndekha. Amayi musawauze, mungoti ntchito yandichulukira.

Abwana andimvera chisoni, akuti angathe kundipezera mpando pandege. Ndawathokoza, koma ndakana. Ndikwera basi yomweyo. Ola limodzi ndi theka landichepera, ndikufuna masiku awiri aja kuti ndiganize chokanena ndikakapeza kuti wonditsegulira chitseko ndi mkazi mnzanga.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Muzindipempherera.

Ndine mng'ono wanu,
womaliza uja wa amayi