Zidzatha Sadziwa Dzina Lina

Iponga,
Karonga.
Ogasiti 1984

Okondedwa achemwali a Bertha,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo wa amayi uja ukupeza bwanji? Ife kuno tili moyo. Ndikanati tili bwino, koma bodza ndawasiyira a kumudziko.

Ndamva zimene akunena. Akuti anandichotsa pasukulu ya Lupembe chifukwa cha kachasu, ena akuti ndinamenya ahedi, ndipo azakhali akuti maphunziro osamaliza aja tsopano andizunguza mutu. Muwauze kuti sindimwa, sindinamenye munthu, ndipo mutu wangawu ukuposabe mitu yonse yokhala pansi pa mango paja mutaiphatikiza. Chimene chinandichotsa pa Lupembe ndi galu. Inde, galu wathu yemwe uja.

Mukukumbukira chaka chimene ndinabwerako ku yunivesite ndi sutikesi yokha, wopanda pepala, mudzi wonse n'kumandiloza ndi milomo. Kagalu kamene munandipatsa inuyo ndinakatcha Zidzatha. Ndinkayankha miseche ya pamudzi, monga amachitira aliyense kwathu ku Ntcheu potcha galu. Amalume anali ndi wawo Mumanena, ndipo palibe anawafunsa kanthu.

Galu ameneyu wayenda kuposa amuna ambiri a kwathuko. Tikubwera kuno kudzayamba uphunzitsi wogwirizira, kondakitala anakana kumukweza, ndiye mlamu wanu Violet anamukulunga m'chitenje ngati khanda, mpaka Mzuzu osauwa. Pa Sangilo anaphunzira kudya usipa ndi kuba kondowole, ana a sukulu n'kumamutcha ntchewe ya asambizi, ndiye kuti galu wa aphunzitsi m'Chitumbuka. Popita ku Lupembe anakwera pamwamba pa lole ya mpunga atagonera matiresi athu. Nyumba iliyonse imene atipatsa, yodontha kaya ya mileme, iye ndiye amayamba kulowa, kununkhiza ngodya zonse, kenaka n'kugona pakhomo ngati tinamanga tokha. Mwana wathu Prisca anaphunzira kuyenda atagwira mchira wake. Mwanayu sadziwa mudzi. Kwawo ndi pamene pagona galuyo.

Tsono mwezi wa Meyi kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Tinaimika ana padzuwa kuyambira m'mawa. A Manase, tcheyamani wa nthambi, munthu woti polemba dzina lake amatulutsa lilime, anali kukuwa mawu aja a masiku onse, anthu n'kumavomera kuti wamuyaya, wamuyaya. Nthawi yomweyo galu analowa pakati pa amayi ovina. Prisca poopa kuti amuponda anathamangira komweko akuitana dzina lake, mobwerezabwereza, ndi mawu onse amene Mulungu anamupatsa. Ng'oma zinaleka.

Ndinayesa kufotokoza mwambo wa kwathu. A Manase anati Chichewa amachimva bwino lomwe, ndipo chimene akufuna kudziwa n'chakuti zodzathazo ndi ziti. Anati mwana salakwa, wolakwa ndi amene anamuika mawuwo m'kamwa. Kenaka anafunsa, anthu onse akumva, chimene chinandibweza ku yunivesite. Posakhalitsa anandiuza kuti ndilongedze ndipite ku Iponga, kumalire kuno, ndiponso kuti galuyo asadzaonekenso ndi moyo.

Tinabwera naye basi. Tinayesa kumusintha dzina. Violet anati Bobi, ine ndinati Tayiga. Galu wokalamba chonchija amangotiyang'ana ngati tapenga. Likhweru amalimva, koma Prisca amaiwala, ndipo tafika poti mayi ake amamutseka pakamwa ndi dzanja akafuna kuitana galu wake. Tsopano mwanayo amamuitana monong'ona m'khutu, ngati akuba.

Nkhani inatitsatira, paja imayenda msanga kuposa malipiro. Ayufi a kuno, anyamata a chipani aja, anabwera, anamwa tiyi wanga, atatha anati ndiwaonetse mchira wa galuyo, apo ayi ndikafotokoze ku Boma. Opita kukafotokoza mukudziwa m'mene amabwerera, akabwera n'komwe. Violet anandiuza kuti ndisankhe pakati pa galu ndi bambo wa mwana wake. Sanalakwe, ndipo chimandiwawa n'chomwecho. Ndinatenga nkhwangwa, ndinapita ndi galuyo m'munda wa nthochi, iye n'kumagwedeza mchira poganiza kuti tikukasaka. Ndinabwera naye.

Munthu mmodzi yekha amatipatsabe moni poyera, a Ambokile, mlimi woyandikana nafe. Iwowa ali ndi mng'ono wawo kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania. Anati kumeneko dzinalo lilibe tanthauzo, angamuitane ngakhale pamsika. Sabata yatha galuyo tinamuwolotsa pabwato, tinamumangirira pamtengo pakhomo pa mng'ono wawoyo, ndipo ine ndinachoka osatembenuka. Pobwera ndinapita kwa tcheyamani wa kuno, ndinakweza dzanja pamaso pa anthu, n'kulumbira kuti galu ndamupha ndipo ndamutaya mumtsinje ndi mchira womwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati zikadzapezeka kuti ndawanamiza, nkhaniyo sidzakhalanso ya galu.

Prisca tamuuza kuti galu wapita ku Ntcheu kwa inu. Akadzakufunsani muvomere.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo mukudziwa kuti kupempha si khalidwe langa. Mukadzamva kuti anditenga, mudzalandire Violet ndi mwana. Kwawo kulibenso munthu. Kanyumba ka malemu abambo kaja mukafolere mvula isanayambe, ngakhale ndi udzu wakale. Amalume musawapemphe kanthu, angapeze nyimbo yatsopano. Amayi musawauze, muziti ndakwezedwa pantchito. Oseka asiyeni aseke, paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kalatayi ndapatsira a Hudson, dalaivala wa lole ya mpunga, amene adzakupatsani pamanja. Musayankhe kudzera ku positi.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa adzukulu anga onse, ndi kwa azakhali, muwauze kuti wamisala uja akuwakumbukira. Violet akuti moni. Prisca akuti galuyo muzimupatsa mitu ya usipa, nyemba sadya.

Tsalani bwino. Ndine mlongo wanu,

Wallace

A Hudson achedwa kunyamuka, ndiye ndatsegulanso envulopu. Galu wabwera m'mawa uno, chingwe chodukacho chili m'khosi, matope mpaka m'makutu. Sanapite kunyumba. Wandipeza kusukulu ana onse ali pamzere, ndipo wagona pakhomo pa kalasi yanga.